Mapazi a Jeke

Akochi anali munthu wodziwa anthu ndi mapazi. Ukalowa m'jimu mwawo, moni ankayankha maso ali pansi ngati wogulitsa nsapato. Ankati nkhope imanama, pakamwa ndiye osanena, koma phazi silidziwa bodza. Ndipo kunena zoona nthawi zambiri ankalondola, chinthu chimene chinangowawonjezera matama.

Jimuyo inali chipinda chimodzi chachitali kuseri kwa shopu ya matayala. Munali zenera limodzi, galasi lalikulu long'aluka pakona, ndi fani imene inkangozunguza fungo la thukuta osalitulutsa. Pakati panali chimango choikapo chitsulo chonyamula polimbitsa thupi, ndipo pasimenti pansi pake Akochi anajambulapo mapazi awiri ndi penti yachikasu, otalikirana ngati mapewa a munthu, zala zoloza kutsogolo. Aliyense wochita sikwati, ndiye kuti kunyonyomala chitsulo chili pamapewa n'kudzuka nacho, ankayenera kuponda pamenepo. Wamtali, wamfupi, wamatewe, onse pomwepo.

"Ukaponda apa," ankatero Akochi, "katundu amagwera pa ntchafu zakutsogolo, pamene Mulungu anaika mphamvu. Ukatangadza miyendo ngati ukulumpha ngalande, zala n'kuloza uku ndi uku, ntchito waipereka kwa matako ndi minofu yam'kati mwa ntchafu. Kumeneko ndi kuba."

Mawu akuti kubawo anali ndi mwiniwake. Mandevu anali wophunzira wawo woyamba, amene anamutola ali wowonda ngati ndodo ya tsache. Atakhuta nzeru anachoka, n'kukatsegula jimu yake kutsidya kwa msewu waukulu, pamwamba pa sitolo ya mankhwala, yokhala ndi nyimbo ndi makapeti. Kumeneko ankaphunzitsa kuti munthu aziponda mogwirizana ndi chiuno chake, ndipo ambiri ankawatangadzitsa. Anyamata a Akochi anayamba kusowa mmodzimmodzi. Aliyense asanasowe, Akochi ankayamba aona phazi likutuluka pa penti.

Amene anatsala wodalirika anali mwana wawo wamkazi womaliza. Dzina lake lenileni ankalidziwa ndi amake okha ndi a ku tchalitchi. Ena onse ankamuti Jeke, kuyambira tsiku limene anakweza kumbuyo kwa ngolo ya matayala anyamata a pashopu ali kalikiliki kusaka jeke yeniyeni. Anali atakwatiwa ndi dalaivala wa lole, mnyamata waulemu wosachedwa kuseka, koma ukwati sunamuchotse pa chitsulo. Mpikisano waukulu unali pafupi, anthu a Mandevu nawonso anali atalembetsa, ndipo Akochi mtima wawo wonse unali pa Jeke. Akanapirira kutaya wina aliyense, koma uyu akanapita kwa Mandevu, iwo akanangotseka chitseko n'kupereka kiyi kwa mwini matayala.

Ndiye m'mawa wina phazi la Jeke linatuluka pa penti.

Sikuti linatuluka kwambiri. Chidendene chinasuntha mpata wa chala chimodzi, zala n'kupotokera kunja pang'ono. Munthu wina aliyense sakanaona. Akochi anayandikira n'kugogoda chidendenecho ndi nsonga ya nsapato yawo.

"Phazi."

"Pepani abambo." Anabweza phazi, anatsika, anadzuka. Atapuma n'kubwereranso pansi pa chitsulo, mapazi onse awiri anali kunja.

Tsiku limenelo Akochi anangouza mtima wawo kuti mwina ndi nsapato. Koma galu wamkota sakandira pachabe, ndipo masiku otsatira zinthu zinayamba kubwera zokha. Anamuona atakhala pa benchi akudzisisita m'kati mwa ntchafu. Anamuona akukwera sitepe ya pakhomo dzanja lili kumbuyo, nkhope itakwinyika.

"Zikupweteka pati?" anamufunsa.

"M'katimu. Ndi kumbuyoku pang'ono."

"Kutsogoloku ayi?"

"Ayi, uku kuli bwinobwino."

"Hmm," anatero Akochi. "Sikwati yanga ine sipweteka m'menemo."

Jeke anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa munthu amene wagwidwa dzanja lili m'shuga. Anawerama n'kuyamba kumanga chingwe cha nsapato chimene chinali chomanga kale.

Kuyambira pamenepo Akochi anakhala wapolisi. Chilichonse chinali umboni. Jeke anayamba kubwera atatopa kale, akuyasamula. Ndiye kuti akunyamula kawiri, kuno ndi kwina. Anayamba kuchepetsa mawilo olemetsa amene amalowetsedwa uku ndi uku pa chitsulo, akuti phewa likuvuta. Ndiye kuti akusungira mphamvu mbuye wake watsopano. Lamba wachikopa amene ankamanga m'chiuno ponyamula zolemera anamupachika pa msomali osamugwiranso; Akochi anali atamva kuti kwa Mandevu ena amanyamula opanda lamba. Anasiya malaya ake othina n'kumavala zimatisheti za mwamuna wake. Ndiye kuti akubisa mmene thupi likusinthira ndi maphunziro achilendowo. Tsiku lina anathamangira panja atagwira pakamwa, n'kubwerera akuti fungo la matayala lamuchititsa nseru.

Apa ndiye Akochi anapsa mtima zenizeni. Mwana anakulira m'fungo limeneli, anaphunzira kuyenda atagwira tayala, lero likumununkhira? Zoonadi mphuno yazolowera zonunkhira za pamwamba pa sitolo ya mankhwala.

Masana ena anapita nayo nkhaniyi kunyumba. Anapeza akazi awo akusita zovala pa tebulo, wailesi ikulira chapansipansi. Anakhala pansi osavula nsapato n'kuyala umboni wawo wonse, kuyambira phazi mpaka fungo, akuwerengera pa zala. Amake Jeke anamvetsera, ayironi ikupita uku ndi uku pa kolala ya shati.

"Mwamaliza?"

"Ndamaliza. Mwana wanu akudya kuwiri. Mapanga awiri avumbwitsa, mukamuuze."

"Bambo a Jeke, kodi mwana wanuyu mwamuyang'ana bwinobwino?"

"Ine? Tsiku lililonse ndimamuyang'ana. Palibe munthu padziko pano amene amamuyang'ana kuposa ine."

"Mumamuyang'ana pati?"

"Pamene pali nkhani. Pansi."

Amake Jeke anaimika ayironi, anawayang'ana amuna awo nthawi yaitali, kenako anapukusa mutu n'kutembenuza shati. "Nkhani ya mwini imakoma akaikamba mwini. Ine langa ndi limodzi: masiku ano musamusenzetse zolemera. Ndakupemphani."

"Chifukwa?"

"Chifukwa ndakupemphani."

Akochi anadzuka pang'onopang'ono. Kodi ndi choncho? Ngakhale m'nyumba mwawo momwe muli anthu a Mandevu? Anakumbukira kuti mayi ameneyu kalekale ankamukonda Mandevu, ankamupatsa tiyi ndi buledi akabwera kudzatenga kiyi, n'kumati mwana waulemu. Anatuluka osadya, ndipo njala imene anaimva madzulo ake anaiikanso pa mlandu wa Mandevu.

Mkamwini ndiye anamaliza zonse. Tsiku lina anabwera kudzamutula Jeke pa lole. Akochi ali pazenera anaona mnyamatayo akutsika msangamsanga, akuzungulira kutsogolo kwa galimoto, akutsegula chitseko n'kumugwira dzanja mkazi wake kuti atsike. Munthu wokweza ngolo akugwiridwa dzanja ngati mkwatibwi! Chikwama chakenso anamunyamulira mpaka pakhomo. Akochi anamudikirira pakona ya shopu.

"Akamwini, tabwerani."

"Wawa apongozi." Anavula kapu n'kuipinda m'manja.

"Mkazi wanuyu masana akachoka kuno amapita kuti?"

"Kunyumba, apongozi. Nthawi zina kumsika."

"Nthawi zina kwina?"

Mnyamatayo anakanda kumutu, anayang'ana matayala, anayang'ana kumwamba, ndipo chimene chinawanyansa Akochi n'chakuti pakamwa pake pankafuna kumwetulira. "Apongozi, zinazi akuuzani eni ake. Ine anandiletsa. Akuti akufuna apeze kaye nthawi yabwino."

"Nthawi yabwino."

"Eee. Akuti mwina mukhumudwa, chifukwa cha mpikisanowu."

"Zikomo akamwini. Pitani, katundu wa eni angachedwe."

Ndiye kuti aliyense akudziwa. Mkazi wawo akudziwa, mkamwini akudziwa mpaka kumaseka nazo, mwina ndi mwini matayala yemwe. Chimene chinatsala chinali kuona ndi maso, ndipo Akochi anadziuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Anayamba kumutsatira Jeke masana akaweruka. Munthu wamkulu wa chifuwa ngati kabati, akubisala kuseri kwa mitengo ya magetsi! Tsiku loyamba Jeke anangopita kunyumba. Tsiku lina analowa m'sitolo ya nsalu n'kutuluka wopanda kanthu. Akochi anayamba kuchita manyazi, ndipo pang'ono ndi pang'ono anayamba kulakalaka kuti akhale olakwa.

Koma masana ena Jeke anawoloka msewu waukulu. Anaima pakhomo la sitolo ya mankhwala, anayang'ana kumanja ndi kumanzere, n'kukwera masitepe a pambali opita pamwamba.

Akochi anakhala pa benchi ya wosoka nsapato tsidya lino la msewu. Wosokayo anawafunsa ngati akufuna polishi, iwo anangomupatsa phazi. Nyimbo za kwa Mandevu zinkamveka mpaka pamenepo. Patapita nthawi Jeke anatsika, Mandevu ali pambuyo pake atamunyamulira chikwama. Atafika pansi, Mandevu anaika chikwamacho pambali, anatangadza miyendo pomwepo pamsewu, zala kunja, n'kunyonyomala pang'onopang'ono manja ali kutsogolo. Anadzimenya m'kati mwa ntchafu, anadzimenya kumbuyo, akufotokoza. Jeke ankagwedeza mutu ngati mmene ankachitira ali kamtsikana, bambo ake akumuphunzitsa kugwira chitsulo.

Kugwedeza mutu kumeneko ndi kumene kunawapweteka. Akochi ankaganiza kuti akagwira wakuba amva kukoma, koma anangomva chisoni chachikulu, cholemera, chopanda pogwira. Anadzuka nsapato imodzi yokha itapolishidwa n'kubwerera kujimu, ndipo pofika kumeneko chisonicho chinali chitasanduka ukali, chifukwa ukali ndi umene iwo ankadziwa kunyamula.

M'mawa mwake anafika aliyense asanafike. Anyamata awiri amene anabwera molawirira anawabweza pakhomo, akuti lero kulibe jimu. Kenako anayamba kulowetsa mawilo pa chitsulo, mbali iyi, mbali iyo, mpaka chinafika pa mulingo umene Jeke ankayenera kukanyamula ku mpikisano. Chitsulo chinapindika pang'ono pakati. Anatenga nsanza yonyowa n'kupukuta mapazi achikasu aja mpaka kuwala.

Jeke analowa, anaona chitsulocho, n'kuima.

"Mwadzuka bwanji abambo?"

"Dzulo masana unali kuti?"

Jeke anaika chikwama pansi.

"Ndakufunsa."

"Abambo, pali nkhani imene ndakhala ndikufuna…"

"Nkhani ndaiona ndekha ndi maso angawa. Ndinali pa benchi ya wosoka nsapato. Mandevu mpaka kukuphunzitsira pamsewu, anthu akuona, kuti dziko lonse lidziwe kuti mwana wa Akochi wamutenganso." Anamuyandikira. "Anyamata aja anapita, sindinalire. Si magazi anga. Koma iwe?"

"Sizili choncho abambo. Mundimvere kaye."

"Pakamwa sindikufuna. Aja onse ankalankhula bwino mpaka tsiku lochoka. Ine ndikufuna phazi. Chitsulo ndi icho, penti ndi iyo, lamba ali pamsomali apo. Ngati ukadali wanga, ponda pamene ndinakuphunzitsa, utsike, udzuke. Ngati sungathe, chitseko ndi icho. Usadzabwerenso kuno, ndipo kunyumba kwanga ukabwera uzidzapeza amako, ine ayi."

Jeke anawayang'ana. Kuyambira ali mwana anali asanawakanirepo bambo ake chilichonse pansi pa denga limeneli. Akati tsika, ankatsika. Akati wonjezera, ankawonjezera, ngakhale maso akuchita mdima. Ndi chimene chinamupanga kukhala Jeke, ndipo Akochi ankanyadira zimenezo pamaso pa aliyense.

"Mukunena zoona?" anafunsa chapansipansi.

"Unayamba wandimva ndikuseka m'chipinda chino?"

Anapita pa msomali n'kutenga lamba. Anabwera pa chimango, anaika phazi lamanzere pa penti, kenako lamanja, bwinobwino, zala kutsogolo, osatuluka ngakhale pang'ono. Akochi anaona mapaziwo ndipo mtima wawo unayamba kutsika. Awa ndiye mapazi a mwana wawo.

Koma chitsulo sichinanyamuke. M'malo mwake ankangomva kachitsulo ka lamba kakulira, ngwe, ngwe, ndi mpweya wa munthu amene akulimbana ndi chinthu. Anadikira. Kulirako sikunasiye. Potsiriza anakweza maso kuti aone chimene chikuchedwetsa.

Lambayo sankafika. Bowo limene Jeke ankamangapo zaka zonsezi, lakuda ndi kutha, linali kutali ndi kachitsulo mpata wa chikhatho chathunthu. Chikopa chinali chitakanikiza chitisheti chija pathupi, ndipo pansi pa lamba panaonekera chimene chitisheticho chinkabisa: kamimba kozungulira, kolimba, kotsogola, kosafanana ndi mimba ya kudya. Jeke anakoka mpweya, analuma mano, anagwira nsonga ya lamba ndi manja awiri n'kuyamba kukoka ndi mphamvu zake zonse zija. Misozi inkatsika yokha, koma sanasiye kukoka.

Akochi anali ndi ana anayi. Mimba yotere ankaidziwa.

"Siya!"

Jeke anakokabe.

"Siya, iwe! Siya, siya!" Analumpha n'kumugwira manja. Anachita kulimbana naye kuti amasule zala zake pa chikopacho, chifukwa mwanayo anali ndi mphamvu kuposa iwo. Lamba anagwa pansi. Anamukankhira kumbuyo pang'onopang'ono, kumuchotsa pansi pa chitsulo, iwo n'kuima pakati pa iye ndi chimango ngati chitsulocho chingathe kumutsatira.



"Ukanatsika nacho?" anafunsa Akochi.

"Munati ndikapanda kutero ndisadzabwerenso."

"Ukanatsika nacho, uli chonchi?"

"Sindikudziwa abambo." Anapukuta nkhope ndi mkono. "Mwina."

Mawu akuti mwinawo anawalowa ngati msomali. Anatembenuka n'kuyamba kutulutsa mawilo pa chitsulo, chifukwa manja awo ankafuna chochita. Zonse zija zinkabwerera m'mutu mwawo chimodzichimodzi, kuyasamula, fungo la matayala, mkamwini ndi kumwetulira kwake, ndipo chilichonse chinkawayang'ana ngati chikuwaseka. Mpikisano unali utapita, zimenezo anazidziwa pomwepo, ndipo anadabwa kuona kuti sizikuwapweteka mmene ankaganizira. Chinkawapweteka ndi china, chimene chinali chisanayankhidwe.

"Ndiye kwa Mandevu umakatani?"

"Kukafunsa poponda."

"Poponda?"

"Pa penti panu sindikukwanapo, abambo. Ndikatsika, mimba ikugunda ntchafu, ndikupanikizika. Mapazi amangotuluka okha kufuna malo. Ndiye m'katimu ndi kumbuyoku munayamba kupweteka, ine n'kuchita mantha kuti mwina ndikumuvulaza mwana. Kuchipatala anati ndikhoza kupitiriza ndi zopepuka, bola wina wodziwa aziona kaimidwe kanga. Ndinapita kwa iye kuti andione. Anati kupwetekako ndi minofu chabe imene sinazolowere ntchito, popeza ndikatangadza katundu amasamukira kumeneko. Anandionetsa potsegulira, ndi polekezera potsika."

"Zimenezo ine sindikuzidziwa? Amene anamuphunzitsa Mandevu kuti ntchafu ili ndi kutsogolo ndi m'kati ndi ndani?"

"Mukuzidziwa, abambo. Kuposa iye."

"Nanga bwanji osafunsa ine?"

Jeke anayang'ana pansi, kenako anawayang'ana m'maso. "Ndikanayambira pati? Ndikangolowa pakhomo mumati phazi. Ndikafuna kulankhula mumati mpikisano. Ndinkati ndidikire tsiku limene mudzakhale osangalala, koma tsiku lililonse mumakhala mukuwerengera mawilo."

Akochi anaima ndi wilo m'manja, osaliika pansi. Panali funso limodzi limene sankafuna kufunsa, koma linatuluka lokha.

"Ndiye kuti Mandevu unamuuza. Mlendo unamuuza, bambo ako asanadziwe."

"Sindinamuuze."

"Nanga anadziwa bwanji?"

"Anangondiona ndikulowa pakhomo," anatero Jeke, "n'kundikokera mpando."

Akochi anayang'ana m'chipinda chawo chonse, kuyambira pakhomo mpaka pagalasi long'aluka. Munali zitsulo, maunyolo, mabenchi onyamulirapo okhala ndi thukuta la anthu ena, koma mpando munalibe. Anaika wilo pansi, anavula jekete lawo, analiyala pa benchi imene inali pafupi, n'kuima pambali pake manja ali lendee, osadziwa kuti munthu amayamba ndi mawu ati.